Kodi makala a biochar angalowe m'mabuloko popanda kufooketsa khoma?

Bambo Phiri, Garden House

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za simenti ndi zomangamanga. Ndili ndi malo oumbira mabuloko ku Garden House, chakufupi ndi msewu wa ku Mumbwa, ndipo timaumba a mainchesi 4, 6 ndi 8 pogwiritsa ntchito simenti, mchenga wa kumtsinje ndi fumbi la kwale. Bungwe lina limene likufuna kumanga zipinda zophunziriramo kunja kwa mzinda landifunsa ngati ndingaumbe mabuloko osakaniza ndi makala a biochar, chifukwa amene akupereka ndalama za ntchitoyo akufuna kuti nyumbazo zimangidwe m'njira yochepetsa mpweya wa kaboni umene ukusokoneza nyengo. Mmene anandifotokozera, makala amenewa amawotchedwa kuchokera ku zotsala za zomera, ndipo akatsekeredwa m'khoma, kaboni amene zomerazo zinayamwa mumlengalenga sabwereranso kumene anachokera.

Maganizowo ndi okoma kuwamva, koma ine ndi amene ndidzayankhe mlandu khoma likadzang'aluka ana ali m'kalasi. N'chifukwa chake ndikufuna kudziwa ngati makalawa safooketsa buloko, komanso kuchuluka kwa makala amene munthu angathire pa thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50. China chimene chikundizunguza mutu n'chakuti kwa ogulitsa makala ku Kanyama ndi m'misika ina kumatsala milu ya zinyenyeswa ndi fumbi la makala, zimene amazigulitsa motchipa kwambiri chifukwa sizigwira ntchito pambaula. Kodi zimenezi ndi biochar yemweyo, kapena pali kusiyana kumene maso anga sakukuona? Ndipo kuchepetsa mpweya kumene akukunenaku n'kwenikweni, kapena ndi mawu okometsera malipoti opita kwa opereka ndalama? Amene munayamba mwagwirapo ntchito yotere, kapena munaiphunzira, chonde ndiunikireni ndisanavomere kalikonse.

Mayi Tembo, injiniya wa zomangamanga, Woodlands

Bambo Phiri, ndiyambira pa funso lanu lomaliza, chifukwa masamu ake ndi amene amayankha mafunso enawo.

Vuto la buloko silili mumchenga kapena m'fumbi la kwale, koma lili m'simenti. Popanga simenti, miyala ya laimu imawotchedwa m'ng'anjo yofika madigiri pafupifupi 1,450 kuti ipange timiyala totchedwa clinker, timene pambuyo pake timaperedwa. Mwala wa laimu ukapsa umatulutsa mpweya wa kaboni umene unali m'thupi mwake, ndipo mpweya wotuluka m'mwalamo ndi wochuluka kuposa wochokera ku malasha a m'migodi otenthetsera ng'anjoyo. Izi zikutanthauza kuti ngakhale fakitale itapeza moto wopanda utsi, mpweya woposa theka udzatulukabe. Dziko lonse likaphatikizidwa, kupanga simenti kumatulutsa pakati pa 7 ndi 8 peresenti ya mpweya wonse wa kaboni umene anthu amatulutsa. Ife a ku Lusaka nkhaniyi siili kutali nafe, popeza fakitale ya ku Chilanga inakhazikitsidwa mu 1949, simenti wake ndi amene anamangira damu la Kariba pakati pa 1955 ndi 1959, ndipo kuchokera mu 2015 kunawonjezekanso fakitale ya Dangote ku Masaiti, kufupi ndi Ndola.

Thumba limodzi la makilogalamu 50 limakhala litatulutsa mpweya wa kaboni wolemera makilogalamu pakati pa 30 ndi 40, malinga ndi kuchuluka kwa clinker amene alimo. Tiyeni titenge 35. Kumbali ya makala, kilogalamu imodzi ya kaboni ikapsa imasanduka makilogalamu 3.67 a mpweya, ndipo popeza biochar wowotchedwa bwino amakhala ndi kaboni wokwana 70 mpaka 80 peresenti, kilogalamu imodzi ya biochar imasunga mpweya wa makilogalamu pafupifupi 2.5 mpaka 3. Kuti mufafanize mpweya wonse wa thumba limodzi, mungafunike makala okwana makilogalamu 12 mpaka 14, ndipo pamenepa ndi pamene zinthu zimavuta.

Akatswiri a ku National University of Singapore, motsogoleredwa ndi Kua Harn Wei, anayesa biochar wopangidwa kuchokera ku utuchi wa matabwa, ndipo anapeza kuti akathiridwa pang'ono, pafupifupi 1 kapena 2 peresenti ya kulemera kwa simenti, chosakanizacho chimalimba kuposa chopanda makala ndipo madzi salowa msanga. Ofufuza ambiri m'maiko ena apezanso zofanana ndi zimenezi, komanso apeza kuti mukapitirira 5 peresenti mphamvu imayamba kutsika. Tsono 2 peresenti ya thumba ndi kilogalamu imodzi yokha. Imasunga mpweya wa makilogalamu osapitirira 3 pa 35 aja, kutanthauza kuti simunafike ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 10. Phindu lilipo, koma ndi laling'ono, ndipo amene angakuuzeni kuti kilogalamu imodzi pa thumba yathetsa vuto la mpweya sanawerengere.

Njira imene ingasunge kaboni wochuluka ndi yoika makala m'malo mwa gawo la mchenga, simenti n'kumusiya monga alili. Ku Switzerland, bungwe la boma lofufuza za zipangizo lotchedwa Empa linaumba makala kukhala timibulu tolimba tolowa m'malo mwa miyala, ndipo linapeza kuti timibuluto tikakwana 20 peresenti ya kukula kwa konkire, kaboni wosungidwa amafanana ndi amene anatuluka popanga konkireyo. Koma amenewo ndi makala okonzedwa m'fakitale ndi kuyesedwa m'labu, osati ofosholedwa pabwalo.

Chifukwa chimene makala ochuluka amafooketsera buloko n'chosavuta kuchimvetsa. Makala ali ndi timabowo tosawerengeka ndipo amamwa madzi ngati chinkhupule. Mukawathira ali ouma, amalanda madzi amene simenti amafuna kuti agwire, chosakanizacho chimauma m'manja, anyamata amawonjezera madzi mongoyerekeza, ndipo madzi owonjezerawo ndi amene amasiya buloko lofumbutuka. Kuwonjezera apo, kachidutswa ka khala n'kofewa kuposa mchenga, choncho kakakhala kakakulu kamasanduka malo oyambira mng'alu. Ubwino wake uli pomwepo pa vutolo, pakuti makala amene ananyowetsedwa kale amatulutsa madzi pang'onopang'ono m'kati mwa buloko pamene simenti akulimba, zimene zimathandiza kwambiri m'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, pamene mabuloko amauma asanakhwime.

Ndinene mosabisa kuti ife mainjiniya tinaphunzitsidwa kuopa kaboni m'konkire. Phulusa la malasha a m'migodi limaloledwa kusakaniza ndi simenti, koma muyezo wa ku America wotchedwa ASTM C618 umakana phulusa limene gawo lake lotha kupsanso lapitirira 6 peresenti, chifukwa kaboni wotsalayo amawonjezera ludzu la konkire ndipo amayamwa mankhwala amene timathira. Pa chifukwa chimenechi, m'maziko, m'zipilala, m'malintala ndi m'silabu, ndiye kuti paliponse pamene pali zitsulo kapena pamene pasenza katundu, ine sindingasaine mapulani okhala ndi makala. M'makoma ogawa zipinda ndi m'makoma ongodzaza pakati pa zipilala, pamenepo tikhoza kukambirana.

Za zinyenyeswa za kumsika, simenti sasiyanitsa khala la mtengo ndi khala la chitsononkho. Vuto lake n'lakuti zimabwera ndi dothi, phulusa ndi tizidutswa tosapsa bwino, ndipo thumba la lero silifanana ndi la mawa. Zikasefedwa ndi kuperedwa zikhoza kugwira ntchito, ndipo kwa ine ndi bwino zilowe m'khoma kusiyana ndi kukokoloka n'kukatseka ngalande za ku Kanyama.

Bambo Mwale, mlangizi wa zaulimi, Chongwe

Mayi Tembo afotokoza bwino za mphamvu ya buloko ndipo sindingawonjezerepo kanthu, koma pa nkhani ya zinyenyeswa za kumsika ndikupempha kusiyana nawo maganizo. Simenti sasiyanitsa makala, n'zoona, koma nkhalango imasiyanitsa.

Aliyense woyenda mumsewu wa Great East m'mawa amaona njinga ndi malole odzaza matumba a makala akulowera ku Lusaka. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pa chaka, ndipo makala ndi chimodzi mwa zifukwa zake, pamodzi ndi kutsegula minda yatsopano. Chilala cha 2024, chimene pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo ngakhale mabanja okhala ndi masitovu anabwerera kumbaula. Chaka chomwecho boma linaimitsa zilolezo zowotchera makala ku Mumbwa, ku Shibuyunji ndi ku Itezhi-Tezhi, komwe ndi mbali yomweyo ya msewu umene a Phiri ali. Lero zinyenyeswa zilibe mtengo chifukwa ozifuna ndi ochepa, makamaka amene amaumba makala a mibulu. Oumba mabuloko akayamba kuzigula ndi malole, wowotcha makala adzakhala wapeza msika wachiwiri pa mtengo umodzi womwewo, ndipo zinyenyeswa zikadzachepa, sipadzasowa munthu wophwanya makala abwinobwino kuti akwanitse oda. Nyumba yomangidwa pofuna kuteteza nyengo idzakhala yadya miombo ndi mitondo.

Palinso nkhani ya kawotchedwe. Uvuni wokwirira ndi dothi umene anthu amagwiritsa ntchito kumudzi umadya nkhuni zokwana makilogalamu 5 mpaka 10 kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, ndipo utsi wake wonse umapita mumlengalenga osapsa. Mu utsi umenewo muli mpweya wa methane, umene pa zaka 100 umatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 28 poyerekeza ndi mpweya wa kaboni wolemera mofanana. Masamu a Mayi Tembo a makilogalamu 2.5 mpaka 3 amagwira ntchito pokhapokha makalawo atachokera ku zinthu zimene zikanawola kapena kutenthedwa chabe, komanso atawotchedwa m'njira yopsereza utsi. Zikapanda kutero, ngongole ya mpweya imakhala yalowa kale makalawo asanafike pabwalo lanu.

Njira yoyenera ilipo ndipo siifuna makina odula. Bungwe la Ithaka Institute la ku Switzerland linafalitsa mu 2014 uvuni wotchedwa Kon-Tiki, umene ndi chitsulo chotambalala kukamwa ndi chopanikiza pansi, ndipo amene alibe chitsulo akhoza kukumba dzenje la maonekedwe omwewo. Mumayatsa moto pansi, ndipo pamene zinthuzo zayamba kuyera phulusa pamwamba mumayala zina zouma, kenako zinanso, mpaka uvuni utadzaza. Malawi a moto a pamwamba amadya mpweya wa okosijeni umene moto umafuna kuti uyake, motero za pansi zimasanduka makala m'malo mosanduka phulusa, ndipo utsi umapsera m'malawi momwemo. Pomaliza mumazimitsa ndi madzi ambiri. Zinthuzo zikakhala zouma bwino, mumapeza makala okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwake.

Zowotcha zilipo: zitsononkho, makoko a mtedza, mapesi a thonje amene alimi a ku Katete ndi ku Petauke amalangizidwa kuzula akakolola pofuna kupha tizilombo, mankhusu a mpunga ku Mongu, ndi utuchi wa ocheka matabwa ku Buseko momwemo mu Lusaka. Koma musaganize kuti zilibe eni ake. Kumudzi zitsononkho ndi nkhuni za amayi, mapesi a chimanga ndi chakudya cha ng'ombe ndiponso chophimbira nthaka, ndipo ife a zaulimi makala omwewo timawafuna m'munda. Akatswiri a Norwegian Geotechnical Institute, mogwirizana ndi a yunivesite ya Zambia (UNZA) ndi a Conservation Farming Unit, anayesa biochar wa zitsononkho m'maenje obzalamo chimanga ku Kaoma, ku Mongu ndi ku Mkushi, ndipo m'dothi lamchenga la ku Kaoma zokolola zinakwera kwambiri, pomwe m'dothi lachonde kusintha kunali kochepa. Kwa ine, khala limene lingachulukitse chimanga cha mlimi wa m'dothi lamchenga silinayenere kutsekeredwa m'khoma. Utuchi wa m'tauni, umene ulibe munda woti upiteko ndipo nthawi zambiri umangotenthedwa, ndi umene ukuyenera mabuloko, ngakhale kuti ndi wosalala kwambiri moti suwotcheka bwino m'dzenje ndipo umafuna uvuni wa mgolo wotsekeka. Tizidutswa ta matabwa ndi makungwa ochokera komweko timawotcheka m'dzenje popanda vuto, bola tisakhale topakidwa penti kapena mankhwala oteteza ku chiswe.

Bambo Phiri, Garden House

Zikomo kwambiri Mayi Tembo ndi Bambo Mwale. Za zinyenyeswa ndamva, ndipo ndikuona kuti bungwe lija silingazivomere likadziwa kumene zachokera. Koma pali zinthu ziwiri zimene amene sagulitsa mabuloko sangaziganizire. Choyamba ndi mtundu. Kuno wogula amayesa buloko ndi maso, kenako amalikanda ndi chala kapena kuligwetsa pansi, ndipo buloko lakuda kapena lopepuka adzanena kuti taba simenti, ngakhale litakhala lolimba. Chachiwiri ndi mtengo, pakuti mchenga ndimagula pa lole ndipo ndi wotchipa, pomwe makala ayenera kuwotchedwa, kunyamulidwa, kuperedwa ndi kusefedwa, ndipo zonsezi ndi anthu olipidwa. Ngati simenti sachepa, ndiye kuti buloko likwera mtengo. Mayi Tembo, ngati nditayesa, ndiyambe ndi muyezo wotani? Ife timayeza ndi wilibala, ndipo pa mabuloko abwino timathira mawilibala 4 pa thumba limodzi.

Mayi Banda, wojambula mapulani a nyumba, Kabulonga

Bambo Phiri, nkhawa yanu ya mtundu ndi yomveka, koma pa ntchito iyi wogula ndi bungwe limene lapempha lokha makalawo, ndipo khoma likapakidwa pulasitala ndi penti palibe amene adzaone mtundu wa buloko. Ine ndikufuna kukuonetsani malo ena amene makala amalowa mosavuta kuposa m'buloko la simenti, chifukwa ndikuona kuti bungwelo lasankha malo ovuta kwambiri.

Imodzi mwa ntchito zoyamba zodziwika za biochar m'zomangamanga siinali m'konkire ayi, koma m'dothi lomatira. A Ithaka Institute omwe a Mwale awatchula anasakaniza makala ndi dongo ndi mchenga n'kumata makoma a chipinda chosungiramo vinyo m'chigawo cha Valais ku Switzerland, pofuna kuti chinyezi chisamakwere kapena kutsika kwambiri. Pulasitala sasenza denga, choncho angalandire makala ochuluka kuposa amene buloko lingalandire, ndipo ngati pena palakwika, mumagumula malo ochepa n'kumatanso popanda kuika moyo wa munthu pachiswe. Timabowo timene Mayi Tembo akuti timafooketsa konkire ndi tomwe timachedwetsa kutentha kudutsa khoma. Amene anaphunzitsapo m'kalasi yofolera malata mu Okutobala, kapena kuona ana akunjenjemera m'mawa wa Juni ndi Julayi, akudziwa kuti zimenezi si zazing'ono, ngakhale ndivomereze kuti kutentha kwambiri kumalowera kudenga, ndipo siling'i yabwino imathandiza kuposa pulasitala aliyense.

Ngati cholinga chenicheni ndi kuchepetsa mpweya, bungwelo liganizirenso njerwa za dothi zopsinja ndi makina, monga za Hydraform, zimene zimafuna simenti wochepa, siziwotchedwa, ndipo zimalumikizana zokha moti matope omangira amafunika pang'ono. Anzathu a ku Malawi anakhazikitsa malamulo mu 2018 oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda, ndipo zimenezo zinakankhira amisiri ambiri ku mabuloko a simenti ndi njerwa zopsinja. Kunja kwa Lusaka, kumene dothi lofiira limapezeka pamalo pomwepo, njerwa zotere zimachotsanso malole onyamula mchenga. Simenti amene simunamugule n'komwe amachepetsa mpweya mosakayikitsa, ndipo safuna labu kuti atsimikizire.

Chenjezo limodzi n'lakuti makala amakoka chinyezi, choncho asayandikire pansi pa khoma kapena kunja kumene mvula imawomba. Madera ngati Kanyama, Misisi ndi mbali zina za Garden House akhala pathanthwe la laimu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo m'dzinja makoma amayamwa madzi kuchokera kumaziko. Mizere yoyambirira ikhale ya mabuloko wamba, pulasitiki wotchinga chinyezi aikidwe bwino, ndipo makala ayambire pamwamba pake.

Mayi Tembo, injiniya wa zomangamanga, Woodlands

Bambo Mwale, mfundo yanu ya msika wachiwiri ndi yolemera, ndipo pa ntchito imene ikudzitcha yoteteza nyengo zinyenyeswa za kumsika zisalowemo. Ndikuganizabe kuti milu imene ilipo kale ndi zinyalala zofuna kozipititsa, koma woumba mabuloko si amene angatsimikizire kuti kugula kwake sikudzadulitsa mtengo wina. Mabungwe otsimikizira za kaboni, monga European Biochar Certificate ndi Puro.earth, amafuna umboni wa kumene zowotchazo zinachokera ndi mtundu wa uvuni, choncho makala a mumsewu sangawerengedwe n'komwe.

Bambo Phiri, nayi njira imene ndingatsate ndikanakhala inu. Simenti musamuchepetse ngakhale pang'ono. Wilibala ya omanga imalowa malita pafupifupi 65, ndiye kuti mawilibala anu 4 ndi malita 260. Umbani magulu atatu tsiku limodzi, ndi anthu omwewo, mchenga womwewo ndi makina omwewo. Gulu loyamba likhale lopanda makala kuti likhale poyerekezera. M'gulu lachiwiri chotsani malita 13 a mchenga n'kuikamo malita 13 a makala, amene ndi 5 peresenti, ndipo m'gulu lachitatu chotsani malita 26, amene ndi 10 peresenti. Makala ndi opepuka kwambiri poyerekeza ndi mchenga, moti malita 26 angalemere makilogalamu 6 kapena 7 okha, koma muwayeze pasikelo ali ouma chifukwa kulemera kumasiyana malinga ndi chowotchedwacho ndi kaperedwe kake. Ngati gulu lachitatu litapambana mayeso, mudzakhala mwasunga mpweya wa makilogalamu 15 kapena kuposerapo pa 35 aja, pafupifupi theka. Ndikuyembekezera kuti mphamvu idzatsika ndithu pa muyezo umenewo, ndipo funso lidzakhala lakuti yatsika kufika pati.

Makalawo aperedwe mpaka afanane ndi mchenga, asefedwe, anyikidwe m'madzi usiku wonse, kenako akhetsedwe mpaka asiye kudontha musanawasakanize. Kuwapera ali onyowa kumachepetsanso fumbi lakuda, limene ndi loipa m'chifuwa, ndipo opera avale zotchinga pamphuno. Makala ongowotchedwa kumene asaunjikidwe m'matumba ali ouma pafupi ndi nyumba, chifukwa amatha kudzitenthetsa okha n'kuyaka. Mabuloko akaumbidwa afunditsidwe ndi pulasitiki ndi kuthiriridwa masiku osachepera 7. Pamenepa ndinene chimene chimandipweteka mtima pa ntchito yathu: mabuloko ambiri ofumbutuka mu Lusaka safooka chifukwa cha chinthu chachilendo, koma chifukwa thumba limodzi limatambasulidwa kupitirira muyezo ndipo mabuloko amagulitsidwa asanakhwime. Amene sathirira mabuloko ake asayese n'komwe makala.

Kukanda ndi chala kapena kugwetsa pansi si mayeso. Tengani mabuloko angapo pa gulu lililonse, akaphwanyidwe ndi makina oyezera mphamvu atakwanitsa masiku 7 ndiponso masiku 28, ndipo ayesedwenso kuchuluka kwa madzi amene amamwa. Funsani ku sukulu ya mainjiniya ya UNZA, ku Zambia Bureau of Standards kapena ku National Council for Construction za kumene mungayesetse, ndipo zotsatira zikhale zolembedwa, zokhala ndi chidindo. Injiniya wa ntchitoyo ndi amene anene mphamvu imene akufuna pa khoma lililonse, osati inu kapena opereka ndalama.

Za mtengo mwanena zoona, buloko lidzakwera, ndipo musachite manyazi kuwauza. Walira mvula walira matope: bungwe limene lapempha makala lilipire kuwotcha, kunyamula, mayeso a kulabu, ndi mabuloko amene adzaphwanyidwe poyesa. Muwauzenso kuti pali njira zina zimene zingachepetse mpweya wochuluka pa ndalama zomwezo. Pa mabuloko ndi pulasitala, simenti wa 32.5 (nambala yosonyeza mphamvu yolembedwa pathumba) kawirikawiri amakhala ndi clinker wochepa kuposa wa 42.5. Phulusa la malasha, ngati lotuluka pamalo opangira magetsi ku Maamba, limalowa m'malo mwa gawo la simenti likakhala loyesedwa bwino. Palinso simenti wa LC3, wosakaniza dongo lowotcha ndi laimu wopera, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya EPFL ku Lausanne, ku Switzerland, pamodzi ndi anzawo a ku Cuba ndi ku India, ndipo amachepetsa mpweya ndi 30 mpaka 40 peresenti. Maganizo a Mayi Banda a pulasitala ndi njerwa zopsinja muwapititsenso kwa wojambula mapulani a sukuluyo.

Pa pepala la mgwirizano palembedwe momveka kuti mabuloko a makala ndi a makoma osasenza katundu okha, kuti muyezo wa makala udzasankhidwa zotsatira za masiku 28 zikatuluka, ndiponso kuti amene adzabweretse makalawo adzaonetse kumene zowotchazo zinachokera. Ngati akufuna mabuloko mwezi uno mayeso asanachitike, agulitseni mabuloko wamba.